Phazi la pa Buleki

Mvula ya tsikulo inali yopanda mkwiyo, yongowaza ngati munthu akunyowetsa malaya asanasite, ndipo nkhungu inali itatsika mpaka pa madenga. M'galaja mwa a Magetsi munali kamdima ngakhale kunja kunali kutacha kale. Iwo sanadandaule. Ntchito ya nyali imafuna tsiku lotero, chifukwa padzuwa babu yakufa ndi yamoyo zimafanana nkhope.

Dzina lakuti a Magetsi analipeza akadali mnyamata, atangoyamba kukonza mawaya a galimoto, ndipo linawakakamira mpaka imvi. Mawu ankawasunga ngati amachita kugula. Mwini galimoto akafotokoza vuto lake kuyambira kumutu mpaka kumchira, iwo ankangoti, "Isiyeni." Akabwera kudzaitenga ankati, "Yatha." Zina zonse ankalankhula anali akazi awo. Koma mayiwo anamwalira chaka chathachi, ndipo chiyambire pamenepo pakhomopo panangoti zii.

Galimoto imene inali m'galajamo inali ya malemuwo, kagalimoto kabuluu kakale. Chimwalirireni mwini wake, a Magetsi anali asanakhalepo pampando wake wa dalaivala. Ankangoliza injini ataima panja, dzanja lokha lili m'kati, kuti batire isafe. Tsopano galimotoyo inali kupita kwa mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankamutchula kuti Nesi chifukwa cha ntchito yake ya kuchipatala. Nesi anafika dzulo lake kudzaitenga. Koma sanabwerere galimoto yokha. Anabwereranso bambo ake.

Zonse zinali zitakonzedwa kupatula chinthu chimodzi. Pa chitseko cha buti panali chipulasitiki chofiira chachitali, choyambira pa nyali ya mbali ino kukafika pa nyali ya mbali inayo, chokhala ndi timababu m'kati. A Magetsi ankachitchula kuti lamba. Magetsi a paki, aang'ono aja oyatsa kukamada, akayatsidwa, lambayo ankayenera kuyaka yense, kuti wobwera m'mbuyo aone mzere wofiira ali patali. Lamba ameneyu anang'aluka kalekale, tsiku limene malemu anagunda chipilala cha pageti akubwerera chammbuyo. Madzi analowa pang'onopang'ono, nyali zinafa, ndipo paja mmisiri amagona m'nyumba yodontha: a Magetsi ankangoti adzakonza. Koma Nesi amaweruka m'mamawa, pamsewu wa nkhungu ngati ya lero. Bambo ake sakanamupatsa galimoto yakhungu kumbuyo.

Anatsegula buti, nachotsa chinsalu cholimba cha kunsi kwa chitseko, nayamba kumasula manati. Tizingwe ta pulasitiki togwira lambayo tinali titauma ngati mafupa a nsomba, choncho ankatikankha ndi chala, osati ndi chitsulo. Lamba atachoka, madzi akuda anatuluka pa mng'alu nawathira pa nsapato. M'kati munali momwe ankaganizira. Zogwirira mababu zinali zitachita dzimbiri lobiriwira, ndipo chonyezimira cha kumbuyo chinali chitasupuka ngati khungu la njoka.

"Odi kuno kwa anthu osayankha!"

Pakhomo pa galaja panaima ambulera yaikulu, pansi pake pali a Wailesi, aneba a tsidya la msewu. Ankayendetsa basi asanapume, ndipo dzinalo anawapatsa ndi anthu okwera, poti kuyambira ponyamuka mpaka pofika pakamwa pawo sipankazima.

"Achimwene, ndaona chitseko chotsegula ndati mwina akuba, koma ndati ayi, wakuba amapereka moni. Kodi mwayamba opaleshoni? Eee, kagalimoto ka alamu anga! Mukafuna wopondera buleki, phazi ili lili pa ulova. Lapondapo mabasi odzaza mpaka pakhomo, silingalephere kachitini aka."

"Ndili ndi ndodo," anatero a Magetsi, akuloza mpini wa mopu umene unatsamira khoma.

"Ndodo! Ndodo imakufunsani mwadzuka bwanji? Komatu ndimalipiritsa tiyi yekha. Ndipo ine sindipotoza magalasi ngati inu. Mukukumbuka? Basi yanga ija ikachoka kuno magetsi amayaka bwinobwino, koma galasi la m'mbali limakhala likuyang'ana pansi ngati mkamwini. Aliyense ankadandaula zomwezo. Mumatani nawo magalasi a eni, achimwene?"

A Magetsi anaweramira lamba wawo. Funso limenelo analimva kwa zaka zambiri ndipo yankho lake sankalidziwa. Magalasi sankawakhudza n'komwe. A Wailesi anadikira pang'ono, ambulera ikudontha, kenako anaseka okha nawoloka msewu akulankhulabe.

A Magetsi anatsuka lamba ndi madzi a sopo, namupukuta, namuyanika pafupi ndi mbaula yamagetsi. Atauma anathira guluu mu mng'alu cha m'kati. Guluu yekha sankamukhulupirira. Anadula tiwaya tating'ono, natipinda ngati mano a sowo, ndipo kalikonse ankakatenthetsa n'kukamiza mu pulasitiki mopingasa mng'aluwo, kuti kagwire uku ndi uku. Malemu, amene anali telala, ankaima kumbuyo kwawo pa ntchito yotere n'kumati, "Msoko wanuwo ndi wokhota, bambo, koma sudzatha." Lero msoko unakhotanso. Panalibe wonena.

Nesi analowa atanyamula makapu awiri, atavala juzi ya malemu imene anaipeza m'kabati. Anaika kapu imodzi pa tebulo la zida, pakati pa pulayasi ndi tepi.

"Ababa, imwani isanazizire. Ya m'mawa ija ndaitaya."

"Mm."

"Ndamva a Wailesi. Mwawathamangitsanso?"

"Apita okha."

Nesi anakhala pa tayala lakale, kapu ili m'manja onse awiri. Anali ndi chipumi cha amayi ake, komanso khalidwe lawo losazungulira nkhani.

"Chipinda ndakonza kale, ababa. Apongozi anu apenta, ana asamukira kwina, akungofunsa kuti agogo afika liti. Sindikuti mwakalamba. Manja anu ndikuwaona. Koma dzulo nditati odi, mawu anu anatuluka ngati chitseko cha dzimbiri. Munalankhula liti komaliza ndi munthu? Osati 'isiyeni' ndi 'yatha'. Kulankhula."

A Magetsi anali kupala dzimbiri pa chogwirira babu ndi kansalu ka mchenga. Anauzira fumbi lake.

"Ntchito ilipo," anatero.

"Ntchito ilipo, munthu palibe. Tsiku lina mudzagwa kuseri kwa galimoto ya eni, tidzamva ndi mwini wake akadzabwera kudzaitenga." Anameza tiyi. "Ine sindikufuna kukuzulani ngati chitsa. Ndikanaona munthu mmodzi yekha amene amalowa muno n'kukhala pansi, bwenzi ndikupita ndi galimoto yokha, mtima uli m'malo. Koma inu mnzanu ndi mpini wa mopu."

Atatero anatola kapu yake nabwerera m'nyumba kukapitiriza kulongedza malaya a bambo ake, amene iwo sanamutume.

A Magetsi anayang'ana makoma a galajayo. Msomali uliwonse anaukhoma okha, ndipo chida chilichonse ankatha kuchipeza maso ali chitsinzinire. Kwa Nesi kunali nyumba ya m'mwamba, ya masitepe ndi maluwa a m'miphika. Kumeneko akanadzuka m'mawa kuti akatani? Anagwira lamba mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira. Mumtima anati: ayake yekha lambayu, Nesi aone kuti ndikwanitsa.

Pamalo pa chonyezimira chosupuka anamatapo pepala lasiliva la m'paketi ya tiyi, nalisalaza ndi chikhadabo. Anaika mababu atsopano, nawalumikiza onse pa mawaya awiri, nazunguliza guluu wakuda m'mphepete monse kuti madzi asadzapezenso njira. Lamba anabwerera pamalo pake, manati anamangidwa. Waya wa ethi, wobwezera moto ku chitsulo cha galimoto, anaumangira pa bawuti ya chitseko atapala penti mpaka chitsulo chitawala. Waya wa moto unayenera kudutsa m'kapaipi ka labala ka pa hinjesi kuti utsikire ku nyali ya mbali ya dalaivala. Anaupaka sopo, naukoka ndi waya wolimba, pang'onopang'ono, mpaka mutu wake unasuzumira kunsi.

Asanamasule nyali za m'mbali anafuna aone ngati mababu a buleki ali moyo. Apa ndi pamene kale ankangokweza mutu, mayi n'kusiya makina osokera pakhonde, kubwera akupukuta manja, kukhala pampando wa dalaivala wa galimoto iliyonse imene inalipo. Tsopano anatenga mpini wa mopu, nagwada panja pa chitseko, naukanikiza pakati pa mpando ndi buleki. Anapita kumbuyo. Nyali zonse ziwiri zinayaka. Anabwerera, nalowetsa dzanja pawindo, nayatsa magetsi a paki. Kenako anamasula nyali zonse ziwiri kuti azitsuke, nazigoneka pa tebulo.

Kuseri kwa nyali ya mbali ya dalaivala kunatsala mawaya ali lende. Kale anali ndi mitundu, koma zaka ndi fumbi zinawasandutsa onse otuwa ngati ana a mayi mmodzi. Zimenezo sizinawavute a Magetsi. Anatenga tesita yawo, kababu kokhala ndi singano, nanjuta. Dongosolo lake linali m'manja mwawo ngati njira ya kunyumba: buleki yayesedwa, paki yayatsidwa, ndiye waya umene uyatse tesita ndi wa paki. Anabaya woyamba, zii. Anabaya wachiwiri, kababu kanati ngwee. Sanabayenso wachitatu. Anasenda, napotera waya wa lamba pamenepo, nawotcherera ndi mtovu, nakulunga tepi mosamala ngati akumanga bala. Atatsitsa chitseko cha buti, lamba anali akuyaka kuyambira uku mpaka uko.

Anaima nthawi ndithu. Kufiira kwake kunadzaza galaja yonse, kunagwa pa khoma, pa zitini za mafuta, pa manja awo. Mng'alu unkaoneka ngati katsitsi kokha. Anakumbukira mmene ankaimira pageti mayi akamapita kukagula ulusi, kuyang'ana mzere wofiirawo mpaka utakhota pakona. Anapita kutsogolo, nazimitsa magetsi, nasolola mpini, nauimika pakhoma. Anatsuka nyali zija, nazibwezera. Kenako anaima pakhomo la kukhitchini.

"Tabwera."

Nesi anatuluka ali ndi malaya a bambo ake paphewa.

"Khala umo. Yatsa paki."

Nesi anatsegula chitseko, nazengereza pang'ono, kenako anakhala pampando wa amayi ake. Anapotoza kandodo ka magetsi. A Magetsi anali ataima kumbuyo, manja kumsana, ngati munthu wodikira kuyamikiridwa koma wosafuna kuti zioneke.

Nyali za m'mbali zinayaka. Lamba anali bii.

"Wayaka?" anafunsa Nesi.

A Magetsi anasendera pafupi. Anagogoda lamba ndi chala. Mutu unathamangira ku fyuzi, ku ethi, ku kapaipi ka pa hinjesi. Pamenepo Nesi, pofuna kutembenuka kuti aone, anatsamira phazi pa buleki. Lamba anati ngwee, mofiira ngati makala. Nesi anasuntha phazi. Bii.

A Magetsi anayang'ana mpini wa mopu pakhoma paja, ndipo zonse zinawaonekera. Pamene ankabaya mawaya, mpini unali ukadapondabe. Mawaya amoto anali awiri, wa paki ndi wa buleki, ndipo iwo anatenga woyamba kuwayankha. Ngakhale wophunzira ntchito sakanalakwa chotero. Wophunzira akanakumbukira kuchotsa ndodo, chifukwa iye sanakhalepo ndi phazi lodzichotsa lokha. Zaka zonse zija a Magetsi ankati "ponda", koma "siya" sananenepo ndi tsiku limodzi lomwe. Akangoweramira mawaya, buleki inkakhala itasiyidwa kale. Sanaganizepo kuti pamenepo panali ntchito imene munthu ankaigwira.

"Ababa, chavuta n'chiyani?"

"Ndaika pa buleki."

"Inuyo?"

"Ndodo sinasiye."

Nesi anatsegula pakamwa, ndipo bambo ake anadziwa mawu amene anali kubwera: ndi zimene ndimanena zija. Anawadikira ataweramitsa mutu. Koma mawuwo sanabwere. Maso a Nesi anali pa galasi la m'mbali.

"Ababa, tanjutani pamene munali paja."

"Bwanji?"

"Tangonjutani."

Ananjuta, mawondo akulira.

"Ndikukuonani," anatero Nesi, mawu atatsika. "Msewu sukuoneka, geti silikuoneka. Mukuoneka inuyo, phewa ndi dzanja. Galasili ndi inu munalitembenuza?"

"Sindinalikhudze."

"Ndiye ndi amayi."

A Magetsi anadzuka pang'onopang'ono, nabwera kutsogolo. Nesi anatuluka, nawagwirira chitseko. Anayang'ana mpandowo ngati munthu woyeza kuya kwa madzi, kenako anakhala. Mpando unali pafupi kwambiri ndi chiwongolero, mawondo anagunda. Sanausunthe. M'galasi munkaoneka simenti ya pansi kuseri kwa tayala, pamene panali tesita yawo ndi tizidutswa ta tepi. Malo a munthu mmodzi wonjuta, ndendende.

Basi ya a Wailesi. Magalimoto onse aja a eni, ndi madandaulo a magalasi oyang'ana pansi. Mayi ankalowa, n'kukankha galasi ndi zala ziwiri, n'kumayang'ana phewa la mwamuna wosalankhula kuti adziwe pamene wamaliza. Ndipo tsiku la chipilala cha pageti lija, dzulo lake anali atayesa mabuleki a galimoto yomweyi. A Magetsi anakwiya tsiku limenelo, mkwiyo wawo wachete uja, nafunsa kuti, "Galasi muli nalo la chiyani?" Mayi anangoseka nati, "Lili ndi ntchito yake."

Mvula inali kusisita malata. Nesi anapukuta m'maso ndi malaya a bambo ake aja, kenako anaseka pang'ono.

"Ndiye amayi anaphwanya lamba chifukwa choyang'ana mwamuna."

"Mm."

"Pa ukalamba wawo wonse uja. Manyazi analibe."

Pakamwa pa a Magetsi panagwedezeka pang'ono. Anakhala chigwirire chiwongolero. Ankadziyesa munthu wogwira ntchito yekha, mkazi n'kumangothandiza phazi. Tsopano anaona kuti m'galaja muno simunagwirepo munthu mmodzi. Kusalankhula kwawo kunali katundu, ndipo wina ankawasenzera mwakachetechete mpaka tsiku lomaliza.

"Tulukani ndikhalepo," anatero Nesi. "Tikonze. Ndi waya umodzi, si choncho? Muzingonena, ponda, siya. Sizipweteka."

A Magetsi anatuluka, koma anatseka chitseko Nesi asanalowe.

"Iwe mawa kulibe."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuti tipitire limodzi."

"Amalipiritsa tiyi."

"Ndani?"

Analoza ndi chibwano kutsidya la msewu. Kumeneko, kuseri kwa nkhungu, ambulera ija inali itatsamira khonde, ndipo mawu a mwini wake ankamveka akukalipira galu kapena mwina akumufotokozera nkhani.

Nesi anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, amene aja sayang'ana pagalasi. Ndipo sasiya kulankhula. Mukapanda kukuwa, adzaponda buleki mpaka batire ithe."

"Ndikuwa."

"Lero lokha, kuti ine ndione?"

"Lachiwiri kukubwera lole yoti ndikonze."

"Ndipo ndikaimba foni, ndidzawafunsa iwowo, osati inu."

"Uwafunse. Ukonzeke makutu."

Nesi anachotsa malaya paphewa, nawayang'ana, nawapinda bwinobwino. Sananene kuti chikwama cha bambo ake achimasula, koma malayawo anawaika pa tebulo la zida, osati kubwerera nawo m'nyumba.

"Ndikateleke madzi," anatero. "Makapu atatu. Nanga galasili?"

"Lisiye lero. Mawa uliwongole usanatuluke." Anaima kaye. "Chipilala chija chikadalipo."

Nesi atalowa m'nyumba, a Magetsi anatsegula buti, namasulanso nyali ya mbali ya dalaivala, nasenda tepi imene anakulunga mwaluso ija. Tesita anaiika pafupi. Mpini anaubwezera ku mopu wake. Kenako anavala chipewa, nawoloka msewu mumvula, nakagogoda pakhomo pa a Wailesi.